Ndani adawerenga amtengatenga? Kaundula wosatha wa Amalawi ofera ku nkhondo

Pamaliro a ku Ndirande kapena ku Bangwe sipalephera kukhala munthu wa kope ndi cholembera. Aliyense wopereka chipepeso, kaya ndi K500 kaya ndi thumba la ufa, dzina lake limalowa m'kopemo, ndipo mwambo usanathe amaliwerenga pagulu. Dzina la wina likadumphidwa, nkhani imakhalapo. Anthu osamala kulemba chotere ndi zidzukulutudzi za amuna amene adafera ku nkhondo ya 1914 mpaka 1918, ambiri mwa iwo popanda wolemba dzina, tsiku, ngakhale malo amene adagwera.

Funso lakuti Amalawi angati adafa pa nkhondoyo limamveka losavuta. Koma patha zaka zoposa 100 ndipo yankho lokwanira silidapezeke. Akatswiri a mbiri yakale ali ndi ziwerengero za amene adatengedwa kupita ku nkhondo, ali ndi maina a asilikali ena amene adafa, koma pakati pa ziwirizi pali dzenje lalikulu. M'dzenjemo ndi mmene muli amtengatenga.

Nkhondo idalowera panyanja

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse sidachedwe kufika ku Nyasaland. Pa 13 Ogasiti 1914 sitima yapamadzi ya boma yotchedwa Guendolen idaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, imene idali pa doko la Sphinxhafen, lomwe lero ndi Liuli ku Tanzania. Pa 9 Sepitembala chaka chomwecho asilikali a King's African Rifles, kapena KAR mwachidule, adalimbana ndi gulu la nkhondo la Ajeremani ku Karonga. Mbali zonse ziwiri, ambiri mwa ogwira mfuti ndi ovulala adali anthu akuda.

Munthu woyamba kufunsa poyera za mtengo wa magazi amenewa adali M'busa John Chilembwe wa ku Mbombwe ku Chiradzulu. Mu Novembala 1914 adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times, imene inkasindikizidwa mu Blantyre. M'kalatamo adakumbutsa boma kuti anthu a dziko lino adali atakhetsa kale magazi pa nkhondo za Angerezi ku Ashanti ndi ku Somaliland, ndipo adafunsa chimene amasiye ndi ana awo adzapindule. Adati nkhondo ya anthu achuma akamenye achuma eni ake. Boma lidaletsa kalatayo kufala. Pa 23 Januwale 1915 Chilembwe adaukira, ndipo usiku womwewo anthu ake adalowa mu Blantyre kukathyola nyumba yosungiramo mfuti ya kampani ya Mandala.

Kuukirako kudazimitsidwa m'masabata awiri, koma nkhondo idakulirakulira. Mu 1916 Jenerali Edward Northey adayamba kulowa m'dziko lolamulidwa ndi Ajeremani kum'mawa kwa Africa kuchokera kumpoto kwa nyanja, ndipo mkulu wa nkhondo wa Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, adazunguza asilikali a Angerezi mpaka ku Mozambique ndi ku Northern Rhodesia. Adatula zida ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala ku Zambia, pa 25 Novembala 1918, patapita masabata awiri nkhondo itatha ku Ulaya.

Katundu adadzera ku Limbe

Nkhondo imeneyi idayenda pamitu ya anthu. Njanji idafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, komwe ndi ku Nsanje, ndipo mu 1915 idalumikizidwa mpaka ku Chindio m'mbali mwa Zambezi. Zipolopolo, ufa, mpunga, mankhwala ndi mahema zinkatsitsidwa ku Limbe ndi ku Blantyre, n'kupita ku Zomba ndi ku Fort Johnston, komwe ndi ku Mangochi, kenako pa sitima kulowera kumpoto. Kuchoka pagombe kunalibe msewu wodalirika, ndipo ng'ombe ndi akavalo zinkafa ndi kashembe. Wotsala adali munthu, ndi mtolo wa makilogalamu pafupifupi 25 pamutu, kukwera mapiri ozizira a Livingstone kutsidya kwa nyanja.

Malo amene lero timawadziwa kuti Ndirande, Chilomoni, Zingwangwa, Bangwe ndi Machinjiri nthawi imeneyo adali midzi ndi minda ya azungu, kumene anthu ankagwira kale thangata. Poyamba amuna ena ankadzipereka okha pofuna ndalama ya msonkho wa nyumba. Mbiri ya mavuto a kumpoto itafika m'midzi, odzipereka adachepa ndipo boma lidayamba kugwira anthu. Mafumu ankapatsidwa chiwerengero choti apereke, apolisi ankalowa m'midzi usiku, ndipo mwamuna akathawira kuphiri mkazi wake ankagwidwa mpaka iye atabwera.

Katswiri wa mbiri yakale wa ku America, Melvin Page, amene ankaphunzitsa ku Chancellor College kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, adayenda ndi ophunzira ake m'maboma osiyanasiyana kucheza ndi nkhalamba zimene zidaiona nkhondoyo. Buku lake la The Chiwaya War, limene lidatuluka mu 2000, lidatenga dzina limene anthu eni ake adaipatsa nkhondoyo. Ziwerengero zimene iye ndi akatswiri ena monga John McCracken amapereka n'zakuti amuna pafupifupi 19,000 a ku Nyasaland adalowa usilikali, ndipo pafupifupi 200,000 adagwira ntchito ya mtengatenga. Dziko lonse panthawiyo lidali ndi anthu ongopitirira pang'ono 1 miliyoni. Palibe mudzi umene udatsala osakhudzidwa.

Nanga ofa? Zolemba za boma la atsamunda zimangotchula amtengatenga zikwi zowerengeka, ndipo akatswiri amagwirizana kuti chiwerengerocho n'chochepa kuyerekeza ndi zimene zidachitika. Pa nkhondo yonse ya kum'mawa kwa Africa, mbali ya Angerezi idalemba asilikali ongopitirira 11,000 ofa, pomwe amtengatenga ofa adali osachepera 95,000. Chidawapha kwambiri si chipolopolo. Adafa ndi kamwazi, chibayo, malungo, njala ndi kuzizidwa.

Mzere umodzi, munthu mmodzi

Kuwerenga ofera ku nkhondo ndi luso lapadera, ndipo m'maiko ena ndi ntchito ya akatswiri a ziwerengero. Wofufuza amapanga ndandanda pa kompyuta, munthu aliyense mzere wake: dzina, nambala ya usilikali, mudzi, mfumu, boma, chaka chobadwa, gulu limene adali, tsiku lofa, malo ndi chimene chidamupha. Mizere ikafika masauzande, imayamba kuyankha mafunso amene palibe nkhalamba imodzi ingayankhe. Ndi boma liti lidataya anthu ambiri poyerekeza ndi kukula kwake? Ndi miyezi iti imene imfa zidachuluka, ya mvula kapena ya chisanu? Pa anthu khumi ofa, ndi angati adafa ndi mfuti? Kodi ogwidwa mokakamiza adafa kwambiri kuposa odzipereka?

Chitsanzo chabwino chili kutali, kummwera kwa Russia. Kumeneko, kufupi ndi mtsinje wa Volga ndi nyanja ya Caspian, kuli anthu a mtundu wa Kalmyk, ndipo likulu lawo ndi Elista. Amuna awo adatengedwa kukamenya nkhondo ya Soviet Union yolimbana ndi Hitler. Pa 28 Disembala 1943 boma la Stalin lidasamutsa mtundu wonsewo, anthu oposa 90,000, kupita ku Siberia, powaganizira kuti adathandiza Ajeremani. Mu 1944 asilikali ambiri a mtunduwo adachotsedwa ku nkhondo n'kutumizidwa kukamanga damu la magetsi la Shirokovskaya ku mapiri a Ural, kumene ena adafa ndi njala ndi matenda. Anthuwa adaloledwa kubwerera kwawo kuyambira mu 1957. Mu 2007 unduna wa zachitetezo wa Russia udaika pa intaneti nkhokwe ya malipoti a asilikali ofa ndi osowa yotchedwa OBD Memorial, ndipo ofufuza a ku Elista akhala akuphatikiza malipotiwa ndi mabuku a chikumbutso a m'dera lawo, kusanthula ofawo potsata zaka zobadwa, maboma ochokera ndi malo ofera.

Phunziro lochokera kumeneko n'lakuti kaundula wa nkhondo amalemba zimene boma lidafuna kudziwa. Msilikali wofera pa damu la ku Ural salowa m'ndandanda ya ofera kunkhondo, ngakhale adavala yunifomu yomweyo mwezi wathawo. Ku Nyasaland mzere wolekanitsa udali pakati pa msilikali ndi mtengatenga.

Okhala ndi nambala ndi opanda nambala

Msilikali wa KAR adali ndi nambala, gulu lake, malipiro olembedwa ndi msilikali wamkulu womuyang'anira. Akafa, panali woyenera kupereka lipoti. N'chifukwa chake nsanja ya njerwa zofiira ya ku Zomba, pafupi ndi Cobbe Barracks, imene idamangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, ili ndi maina oposa 1,200 a asilikali akuda amene adafa pa nkhondoyo. Pa nthawi imeneyo chimenechi chidali chosowa mu Africa muno. Zipilala za ku Nairobi, Mombasa ndi Dar es Salaam zili ndi zifanizo za asilikali ndi amtengatenga, koma zilibe dzina ndi limodzi lomwe. Cha ku Mbala chimangotchula chiwerengero cha amtengatenga a ku Northern Rhodesia, oposa 1,400.

Mtengatenga sadali msilikali pamaso pa lamulo. Ankalembedwa kwa miyezi yowerengeka, m'magulu otsogozedwa ndi kapitawo, ndipo chimene mkulu wa nkhondo ankafuna kudziwa madzulo chidali kuchuluka kwa mitolo imene yafika. Wodwala ankasiyidwa m'njira kapena pa chipatala cha msasa. Wothawa ankalembedwa kuti wathawa, ngakhale atafera m'tchire tsiku lotsatira. Womasulidwa ali wofooka n'kukafera kumudzi kwawo sankawerengedwa n'komwe. Pamwamba pa zonsezi, kumapeto kwa 1918 kudabwera mliri wa fuluwenza umene udafalikira m'misasa ndi m'njira zimene obwerera kwawo ankadzera. Kusiyanitsa wofa ndi nkhondo ndi wofa ndi mliri kudakhala kosatheka.

Ngakhale chiwerengero cha 200,000 chija chiyenera kuwerengedwa mosamala. Kalaliki ankalemba munthu nthawi iliyonse imene walowa ntchito, choncho mwamuna wogwidwa kawiri kapena katatu amaoneka ngati anthu awiri kapena atatu. Izi zikutanthauza kuti anthu enieni adali ocheperapo, ndipo ngati ndi choncho, gawo la amene adafa pa anthu 100 alionse lidali lalikulu kuposa mmene limaonekera papepala.

Maina nawonso ali ndi misampha yake. Wolemba ankalemba mmene wamvera, choncho munthu mmodzi akhoza kupezeka ngati Saidi papepala lina ndi Said kapena Sayidi pa lina. Ena ankalowa usilikali ndi dzina latsopano pothawa ngongole ya msonkho kapena mwini esiteti. Akuluakulu a KAR ankakhulupirira kuti Ayao ndiwo mtundu wodziwa nkhondo, choncho amuna a mitundu ina nthawi zina ankadzitchula Ayao kuti alembedwe. Alomwe ambiri adali atangolowa kumene kuchokera ku Mozambique kudzakhala m'maesiteti a ku Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu, ndipo midzi yawo yeniyeni idali kutsidya kwa malire. Wofufuza wongokhulupirira mzere wa mtundu m'kaundula akhoza kusokera kutali.

Kenako kudabwera moto. Mu 1919 maofesi akuluakulu a boma ku Zomba adapsa, ndipo mapepala ambiri a zaka za nkhondo adapita ndi motowo. Zimene zidatsala zili m'mabuku a maboma, m'zolemba za mamishoni, ku National Archives of Malawi ku Zomba, ndi ku nkhokwe ya zolemba za boma la Britain ku Kew mu London, kumene kuli ndandanda za olandira mamendulo.

Manda a ena, tchire la ena

Kusiyana kwake kumaoneka bwino mu Blantyre momwemu. M'manda a mishoni ya CCAP muli manda a nkhondo amene bungwe la Commonwealth War Graves Commission limasamalira, ndipo ena otero ali ku Zomba, Mangochi ndi Karonga. M'busa Robert Napier wa mishoni ya Blantyre, amene adatumikira pa nkhondoyo n'kuphedwa ku Mozambique mu 1918, mbiri yake ndi yodziwika, ndipo makalata ake adasonkhanitsidwa m'buku ndi Alexander Hetherwick. Amuna amene ankasenza katundu m'njira zomwezo sadasiye kalata.

Bungwe la manda a nkhondoli lidakhazikitsidwa mu 1917 ndi mfundo yakuti ofa onse alemekezedwe mofanana, posayang'ana udindo, mtundu kapena chipembedzo. Mu Africa mfundoyi sidatsatidwe. Mu 1923 bwanamkubwa wa Gold Coast, Gordon Guggisberg, adauza bungweli kuti munthu wamba wa dziko lakelo sangamvetse tanthauzo la mwala wa pamanda. Maganizo otere adali ofala pakati pa akuluakulu a atsamunda, ndipo manda ambiri a anthu akuda adasiyidwa kuti amere tchire. Aliyense wodziwa mmene mabanja kuno amasonkherana kuti amange chiliza aona yekha kutalika kwa bodzalo.

Nkhaniyi idaululika poyera mu 2019 kudzera mu filimu ya pa Channel 4 yotchedwa Unremembered, imene adatsogolera phungu wa nyumba ya malamulo ya Britain, David Lammy, potsamira kafukufuku wa Pulofesa Michèle Barrett. Bungwe la manda lija lidakhazikitsa komiti yapadera, ndipo lipoti lake la mu Epulo 2021 lidapeza kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, makamaka a kum'mawa kwa Africa ndi ku Egypt, sadalembedwe maina kapena sadakumbukiridwe n'komwe. Ena pakati pa 45,000 ndi 54,000 adakumbukiridwa mosiyana ndi azungu. Nduna ya zachitetezo ya panthawiyo, Ben Wallace, idapepesa m'nyumba ya malamulo. Kutalikirana kwa 116,000 ndi 350,000 kukusonyeza kukula kwa chimene sichikudziwika.

Ntchito yokonza idayambika. Mu Januwale 2025 ku Cape Town kudatsegulidwa chikumbutso chokhala ndi maina oposa 1,700 a anthu a ku South Africa amene adafa akugwira ntchito zothandiza asilikali pa nkhondo yoyamba, maina amene adafukulidwa m'mapepala akale. Izi zidatsimikiza kuti kaundula amene anthu ankati kulibe nthawi zina amakhala alipo, kungoti palibe adamufuna.

Nkhondo yachiwiri idalembedwa bwinoko

Pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945 amuna pafupifupi 30,000 a ku Nyasaland adavala yunifomu. Adamenya ku Moyale m'malire a Kenya ndi Ethiopia mu Julayi 1940, dzina limene lero lili pa Moyale Barracks ku Mzuzu, ku Somaliland chaka chomwecho, ku Madagascar mu 1942 ndi ku Burma mu 1944. Panthawiyi galimoto zidali zitatenga mbali yaikulu ya ntchito ya mtengatenga, ndipo pafupifupi aliyense adali ndi nambala. Maina a ofa amapezeka pamanda ndi pa zipilala ku Kenya, ku Ethiopia ndi ku Myanmar.

Kulembedwa sikudatanthauze kufanana. Mapepala a boma la Britain amasonyeza kuti pa ndalama yothokoza pomaliza nkhondo, msilikali wamba wachizungu ankalandira mashiling'i 10 pa mwezi uliwonse umene adatumikira, pomwe msilikali wakuda wa udindo womwewo ankalandira mashiling'i atatu ndi theka. Za moyo wa asilikali a Nyasaland m'zaka zimenezi adazifufuza mozama Timothy Lovering pa yunivesite ya Stirling ku Scotland.

Theka lina la kaundula lili m'nyumba za anthu

Chaka ndi chaka mu Novembala dziko limasonkhana pa zipilala za ku Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu, maluwa ofiira ali pachifuwa, ndipo bungwe la asilikali opuma la VELOM limasonkhetsa thandizo la nkhalamba zotsala. Magule a beni, malipenga ndi mganda, amene adatengera perete wa asilikali, akuvinidwabe. Nkhondo sidaiwalike. Chosowa ndi ndandanda imodzi ya dziko lonse imene munthu angatsegule n'kupeza agogo ake.

Makomboni a Blantyre ndi malo abwino oyambira ntchito yotere, chifukwa mudadzaza anthu ochokera m'maboma onse. Mumsewu umodzi wa ku Chilomoni kapena ku Zingwangwa mukhoza kupezeka banja la ku Mulanje, la ku Ntcheu, la ku Mangochi ndi la ku Karonga, lililonse ndi nkhani ya malume a agogo amene adatengedwa osabwerera. Nkhani imodzi payokha si umboni wokwanira. Koma dzina, mudzi ndi mfumu zikagwirizana ndi mzere wa m'buku la boma kapena la mishoni, wofufuza amakhala wapeza munthu. Ndi mmene Page adachitira zaka zoposa 50 zapitazo, pamene eni nkhondo adali moyo. Lero kwatsala zidzukulu zimene zidamva kuchokera pakamwa pawo, ndipo nazonso zikukalamba.

M'masutikesi akale mulinso zinthu zolankhula. Mamendulo a Angerezi a nkhondo yoyamba adadindidwa dzina, nambala ndi gulu la msilikali, ndipo zilembozo zimapezeka m'mphepete kapena kumbuyo kwa mendulo. A nkhondo yachiwiri ambiri adaperekedwa opanda dzina, choncho chofunika pamenepo ndi kabuku kotulukira usilikali. Ndi dzina ndi nambala, munthu akhoza kufufuza kwaulere pa tsamba la pa intaneti la Commonwealth War Graves Commission, ndipo bungweli limalandira umboni wa anthu amene adafa pakati pa 4 Ogasiti 1914 ndi 31 Ogasiti 1921 koma sadalembedwe. Laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre ndi National Archives ku Zomba ndi malo amene ofufuza amayambira.

Amene muli ndi agogo okumbukira za wachibale amene adapita ku nkhondo, khalani nawo pansi mwezi uno. Lembani dzina lake lonse ndi maina ena amene ankadziwika nawo, mudzi, mfumu, boma, ngati adali msilikali kapena mtengatenga, ndiponso ngati adabwerera. Jambulani mendulo ndi mapepala pa foni, mbali zonse ziwiri, ndipo tumizani zithunzizo kwa abale angapo kuti zisatayike ndi foni imodzi.